Chigubu cha m'Galaji ya a Mathews

A Adamson anali atapana kale nkhuku kukhwapa, dzanja lina likufufuza kasupuni m'thumba la jekete, pamene Felista anatulukira kuseri kwa nyumba atanyamula ndowa. Pakati pa bwalo, pomwe dzana panali bokosi la maliro, tsopano panali chigubu cha malita asanu chosalembedwa kalikonse. Abale a malemu ochokera ku Namitete anali pamabenchi obwereka kutchalitchi. Mayi ake a Felista, a Ezeliya, anali pamphasa pafupi ndi khonde atazyolika, mpango wakuda uli kumutu.

"Muiphera chabe nkhukuyo, bambo aakulu," anatero Felista potula ndowayo. "Ifa ndithu. Ngakhale ng'ombe ikhoza kufa."

Pamabenchi panamveka manong'onong'o. A Adamson anatembenukira anthuwo ngati munthu amene wawina mlandu usanayambe, poti mwanayo anali atavomera yekha kuti m'chigubumo munali poizoni.

Nkhani yake inali iyi. A Mathews, makaniko wa pa Nsaru, anagwa Lolemba masana m'galaji yawo sipanala ili m'manja, ndipo anafika kuchipatala atatha kale. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Anaikidwa Lachitatu, ndipo Lachisanu limeneli linali tsiku lometa maliro, loti akuchimuna asudzule a Ezeliya n'kubwerera kwawo mwamtendere. Koma m'mawa mwake a Adamson, mkulu wawo wa malemu, analowa m'galajimo kukaona zimene mng'ono wawo wasiya. Anapeza chigubucho pansi pa tebulo, chikununkha ngati kachasu wamutu, ndipo pambali pake panali kapu ya buluu yakukhitchini kwa a Ezeliya.

A Mathews sankamwa mowa, ndipo aliyense pa Nsaru ankadziwa zimenezo. Ndiye kapu ya mkazi inkatani pafupi ndi chigubu chotero, pamalo pomwe mwamuna wagwera? A Adamson analengeza kuti lumo silikhudza mutu wa munthu ndipo mlamu wawo sasudzulidwa mpaka nkhuku ilawe zam'chigubumo. Ikafa, nkhani ipita kupolisi. Sipanafunikenso wina wofotokozera a Ezeliya tanthauzo lake. Apolisi akanatha kuwamasula mawa lake, koma m'mudzi mwawo momwe akanakhala mayi amene anapha mwamuna mpaka tsiku lawo lomwalira.

Felista anagwada monga mwa ulemu, ngakhale mumtima ankafuna kuwalanda nkhukuyo. Anali mkazi wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, makaniko ngati bambo ake, ndipo ankagwira ntchito pagalaji ina ku Biwi mu Lilongwe. Anafotokoza kuti m'chigubumo munali metanolo, mankhwala onunkha ngati mowa koma akupha, osakanizidwa theka ndi theka ndi madzi oyera othira m'mabatire. Kapuyo inali yoyezera basi. Zinali za kagalimoto kofiira kamene bambo ake anakhala akukonza zaka zinayi. Anaikamo tebo, chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini, koma mpweya wopanikizidwa umatentha ndipo injini inkagogoda pachitunda. Ndiye ankafuna kuika kapampu kothira nkhungu ya madziwo mumpweyamo kuti uzizizira.

A Adamson anaseka chosakondwa. Iwo anayendetsa thalakitala paesiteti ya fodya zaka khumi ndi zisanu, ndipo chinthu choyamba chimene anaphunzira n'chakuti madzi akalowa mu injini, injiniyo yatha. Anafunsa anthu ngati anamvapo za makaniko wothira dala madzi mu injini yake. Amuna angapo anapukusa mitu, ndipo kunena zoona, funsolo linali lanzeru.

"Ndipatseni mpaka dzuwa lipendeke," anatero Felista. "Ndimaliza zimene anasiya bambo. Galimotoyo ikapanda kumwa madziwa inu mukuona, chitani zimene mwaganiza."

Azakhali ake, a Olive, mlongo wa malemu, ndiwo anathandiza. Anati maliro anadikira masiku awiri, ndiye lumo lingalephere bwanji kudikira maola atatu? A Adamson anamangirira nkhuku kumwendo wa benchi, n'kukhala pansi chigubu chili pakati pa mapazi awo.

M'galajimo munali chimodzimodzi momwe a Mathews anasiyira. Boneti inali yotsekula. Kubuti anali atamangirira kale kathanki koyera ndi pampu yake, ndipo kapayipi kakuda kanadutsa pansi pa galimoto n'kuthera m'malere pafupi ndi injini. Felista atakagwira kapayipiko, misozi inalengeza m'maso. Sabata yathayo bambo ake anamuimbira foni kuti abwere Loweruka adzamalizire limodzi, iye n'kuyankha kuti watanganidwa, ndiponso kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi safunika galimoto yothamanga ngati ya mpikisano. Zinamupweteka kwambiri, koma nthawi yolira panalibe.

Anayamba ndi kumasula payipi yaikulu yopititsa mpweya ku injini. Waulesi akanaiboola ili pomwepo, koma tizitsulo ta poboola tikagwera mu injini ndiye kuti maliro achiwiri. Anaipana patebulo, anaboola kabowo kamodzi, anadula mazinga mosamala, n'kuitsuka kawiri. Kenako anamangirira nozo, kamlomo kopopera nkhunguyo, kakang'ono ngati njere ya chimanga. Kanamupulumuka n'kugwa pansi kamodzi, ndipo anakafuna chokwawa pakati pa mabawuti akale.

Ali pansi choncho a Ezeliya analowa mwakachetechete. Anaima pafupi ndi chitseko, osakhudza kanthu. Ananena motsitsa mawu kuti kapu ija anakanganirana ndi malemu Lamlungu, iwo akuti zakukhitchini zisamapite kugalaji, malemu akuti abweza akagula ina. Anthu ena anamva mkanganowo, ndipo ndi umene tsopano unali kuyenda pamabenchi utakula ngati dzungu.

"Ukalephera usadzide, mwanawe," anatero. "Ine ndikudziwa zimene ndinachita ndi zimene sindinachite."

"Sindilephera, amayi. Pitani mukakhale pansi."

Chotsala chinali mawaya. Panali kaswichi komva mphamvu ya mpweya wa tebo, koyatsa pampu mpweyawo ukafika pamlingo wake, ndi kagetsi kobiriwira ka pafupi ndi chiwongolero kosonyeza kuti pampu yayamba. Felista analumikiza zonse, anaika fyuzi, anayesa pampu pabatire nozo ili panja, ndipo inapopera nkhungu yosalala bwino ndi madzi wamba. Anakhuthula madziwo, anabwezeretsa nozo, n'kukankhira galimotoyo pabwalo dzuwa litangoyamba kupendeka.

A Adamson anathira okha zam'chigubu mukathanki. Anatola msomali n'kukanda mzere pomwe madziwo analekezera. Felista analiza injini, ndipo inalira mokoma moti ana ndi akulu omwe anasendera pafupi. Anaponda mafuta kangapo galimoto itaima. Kagetsi sikanayake. A Adamson anasuzumira kubuti, ndipo madzi anali pamzere pomwe paja.

Apa Felista anadziluma lilime. Ankadziwa bwino kuti tebo sipopa mwamphamvu galimoto itaima, imafuna kukoka katundu pachitunda, koma m'changu chake anaiwala kuwauza anthuwo poyamba. Kunena tsopano kunamveka ngati kuzemba kwa munthu wogwidwa. Ananenabe. Mwamuna wina pabenchi anati nkhani za m'tauni sizitha, ndipo a Adamson anali atawerama kale kumasula chingwe cha nkhuku.

"Achimwene," anatero a Olive, "mwayendetsa thalakitala. Kodi imatulutsa mphamvu zake itaima pashedi, kapena ikamakoka khasu?"

A Adamson anasiya chingwe cha nkhuku n'kuweramuka. Kenako anatenga chingwe china, anatseka buti, naimanga ndi mfundo yawoyawo ya pamabelo a fodya kuti wina asatsegule iwo osadziwa. Analowa kutsogolo osayang'ana munthu.

Anatuluka pa Nsaru n'kulowa mumsewu wa phula, kulunjika kuchitunda chachitali cha kutsidya kwa dambo. Felista anawalozera geji yaing'ono yoyeza mphamvu ya mpweya wa tebo ndi kagetsi kaja, nati muvi ukafika pachizindikiro chofiira chimene bambo ake anapaka, kagetsi kayaka. Anaponda. Galimoto inawakankhira m'mipando, tebo ikuimba likhweru, muvi ukukwera. Utatsala pang'ono kufika, pakona panatulukira ngolo yodzaza ndi matumba a mtedza, ng'ombe zikuyenda pakati pa msewu ngati wa agogo awo. Felista anaponda buleki ndipo muvi unagwa.

Anatembenuza galimoto n'kubwerera kumunsi. Felista ankamva thukuta likutsikira kumsana. Akanalakwitsa waya umodzi wokha, kapena kaswichi kakanakhala kakufa, sakanakhalanso ndi mawu ena owauza anthu aja, ndipo mayi ake akanasenza dzina la wopha mwamuna.

Ulendo wachiwiri msewu unali woyera. Anaika giya yachitatu n'kuponda mpaka pansi. Muvi unakwera, unagunda pofiira, ndipo kagetsi kobiriwira kanayaka. Kulira kwa injini kunasalala, galimoto n'kumakwera chitundacho ngati ikutsika. A Adamson anagwira chitseko ndi manja awiri, milomo ikuyenda, ndipo ngati sanali Tikuoneni Maria ndiye kuti linali pemphero lina lalifupi. Felista anabwereza kanayi konse kuti pasakhale chokayikitsa, kenako anaima pamwamba pa chitunda.

A Adamson anamasula mfundo yawo. Madzi anali atatsika pansi pa mzere ndi chala chathunthu. Sanakhulupirire msanga. Anapapasa pansi pa kathanki, pouma. Anagwada paphula ndi thalauza lawo lamaliro n'kutsata kapayipi ndi chala kuchokera kumbuyo mpaka kutsogolo, ndipo panalibe podontha. Injini imene inayenera kufa inali kulira bwinobwino.

Anakhala pamphepete pa buti ataphimba nkhope ndi chipewa. Mathews anamulera ndi iwo makolo atamwalira, ndipo mtima wawo unkakana kuti mng'ono angangogwa yekha masana, mkulu wake ali moyo. Kukwiyira munthu kunali kopepuka kusiyana ndi kulira. Tsopano wokwiyira panalibe, ndipo analira.

"Ndikawapepesa alamu," anatero pomaliza. "Pamaso pa anthu omwe aja, osati kuseri."

Felista anangogwedeza mutu. Mkwiyo wake unali usanathe, ndipo sanafune kunamizira.

Akutseka buti, anamva munthu akuitana. Mayi wina wachikulire ankatuluka m'kanjira kochokera kumaesiteti, akuthamanga mwa ukalamba wake, dengu lili pamutu. Atafika anapumira m'mwamba, nati anaiona galimotoyo ikukwera ndi kutsika ngati yasokonezeka mutu, ndipo amati mwina lero amuiwala. Anadzitchula kuti ndi Lidiya, wa kwa matenanti. Ankapita ndi mazira kwa mwana wake pa Nsaru, monga ankachitira Lachisanu lililonse.

"Nanga eni ake ali kuti?" anafunsa akusuzumira m'galimoto. "Zaka ziwiri tsopano sanandipitirirepo. Ndalama amakana, ndiye ndimangowakazingira timtedza."

Anamasula mfundo ya pachitenje n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki kodzaza mtedza wokazinga, wothira mchere. Felista anayang'ana kumbali. A Adamson anasendera pafupi. Analandira kapepalako ndi manja awiri, anatsegula chitseko chakutsogolo kuti mayiyo akhale, iwo n'kukadzipinda kumbuyo dengu lili pamiyendo. Anati nkhani ya eni ake awauza akafika.

Mayiyo anakhazikika pampando ngati pake, n'kuyang'ana Felista kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe Felista eti? Amakutchula ulendo uliwonse. Koma mwanawe, usathamange ngati muja. Bambo ako ndikakwera ine amayenda ngati njinga yakapalasa, amati mazira a munthu sasweka m'galimoto mwawo."

Felista analiza injini. Anaika giya yachiwiri, ndipo sanaisinthe mpaka pa Nsaru.