Makiyi M'mbale ya Amalume

Pamaliro a azakhali kumudzi ku Ruatoria tinkagona tonse m'nyumba ya msonkhano, matiresi ali ndandanda, monga mwa mwambo wa kumeneko. Bambo anga amasiya kupuma akagona, ndiye adokotala anawapatsa makina owapopera mpweya m'mphuno. Koma makinawo anatsala m'galimoto, chifukwa tsiku loyamba amalume anga a Paora anawaseka pagulu.

"Alamu, valani chitamba chija! Anawa akufuna kuona njovu."

Masiku atatu ndinkamva bambo akuliza mkonono, kenako zii, kenako kubanika ngati munthu womira. M'mawa wa tsiku lobwerera anagwetsa kapu ya tiyi akuwodzera, chonsecho ankayenera kutiyendetsa maola asanu.

Ine sindiyankhula pagulu. Ngakhale kusukulu ndinkakhala kumbuyo. Koma ndinasolola makiyi a galimoto m'jekete la bambo, n'kukawaponya m'mbale ya amalume, anthu onse akudya.

"Yendetsani inuyo, poti kuseka mumatha! Kapena maliro amodziwa sanakukwaneni?"

Palibe anaseka. Bambo anaweramitsa mutu, ndipo mpaka lero sanandiyankhulepo za nkhaniyi. Amalume anatiyendetsa mpaka kwathu ku Napier. Amayi akuti ndikapepese kwa amalume. Sindinapitebe.