Njati ya Maliro a Abambo

Duma ankasambitsa njati yake yoweta kawiri pa tsiku, ndi sopo weniweni, pomwe iye mwini madzi ankawaonera patali. Inali yamawanga oyera, mtundu umene anthu a kwawo ku Toraja amaimitsa njinga pamsewu kuti auone bwino. Anaigulira maliro a bambo ake. Mkuluyo anamwalira chaka chatha, ndipo thupi lake, lokonzedwa ndi mankhwala, linkadikira m'chipinda mpaka ana atasonkhanitsa njati zokapha pamwambo. Akulu ake a Duma analonjeza ziwiriziwiri. Iye, mzime, sanafune kuchepa pamaso pa abale.

Ndalama zinachokera kwa mkazi wake Ludia, mwiniwake osadziwa. Mwezi uliwonse Ludia akagulitsa khofi ankapatsa mwamuna wake za inshuwalansi ya chipatala ya banja lonse, iwo awiri ndi mwana wawo Risma. Duma ankazilandira ndi manja awiri, n'kukhotera kwa wogulitsa njati. Ankadziuza kuti m'nyumba mwake mulibe wodwala, ndipo kulipirira matenda amene sanafike n'kuwaitana dala. Nzeru zotere zimakoma thupi likadali bwino.

Mvula itayamba, Ludia anamva chotupa m'bere.

"Bambo a Risma, mawa mundiperekeze kuchipatala."

"Dikirani mwambo udutse kaye, mayi a Risma. Alendo awaphikira ndani? Kachithupsa chabe kameneko, kaphwa kokha."

Sankaganizira alendo ayi. Ankaopa khadi la inshuwalansi, kuti likangofika kuchipatala limuulula. Ndiye mwambo unkangosunthidwa, poti mkulu wawo wina wogwira ntchito m'sitima zapanyanja sanabwere, ndipo Duma naye ankangosuntha ulendo wa kuchipatala. Dzinja linatha. Ludia anayamba kulephera kukweza mkono popeta mpunga, ndipo tsiku lina anangovala n'kunyamuka ulendo wa kuchipatala, osapemphanso. Duma anamutsatira pambuyo.

"Mayi, khadi ili linafa kalekale," anatero mtsikana wapazenera. "Kulibe amene wakhala akulipira."

Ludia sanatsutse. Anangotembenuka n'kuyang'ana mwamuna wake, yemwe maso ake anali pa nsapato.

M'mawa mwake Duma anakokera njati ija kumsika. Mkulu wake Sattu anamupeza panjira.

"Ukupita nayo kuti? Ndiye abambo akwera chiyani popita kwa makolo, nkhuku?"

"Achimwene, abambo angadikire. Mayi a Risma sangadikire."

Mawu abwino ndithu, koma anawapeza mochedwa. Dokotala wa mumzinda wa Makassar anayang'ana zithunzi nthawi yaitali, n'kunena mosazungulira kuti khansa yafika kale m'mapapo. Akanabwera chotupa chikadali chaching'ono, akanangochichotsa. Tsopano chotsala chinali mankhwala ochepetsa ululu.

M'basi yobwerera kumapiri Duma ankafuna kuti mkaziyo amutukwane, ngakhale kumumenya kumene.  Minda ya mpunga itayamba kuoneka, Ludia anamufunsa.

"Ndalama za njati zatsalako?"

"Zatsala. Tiyesa chipatala china, mayi a Risma, tiyesa kwina konse."

"Kwina kulibe. Tamverani. Ndikadzagona m'chipinda muja pambali pa apongozi, ine musadzandigulire njati. Mukalipire khadi la Risma, ndipo muzikalipira mwanayo akuona ndi maso ake."