Dzanja Lamanzere la a Zakeyu

A Zakeyu Likoswe anakalambira ku Joni akusamalira maluwa a eni ake ku Bedfordview, ndipo atapuma ntchito anakhazikika ku Katlehong ndi akazi awo, mayi Gertrude. Chaka chimenecho mwana wa mlongo wa a Zakeyu ankamanga ukwati ku Phalombe, ndipo nkhoswe anali iwo. Koma magazi awo ankathamanga kwambiri, mwakuti mwana wawo Mavis anaikapo lamulo.

"Ababa, BP ikapanda kutsika, basi ya kumudzi simukwera. Ukwati umangidwa popanda inu."

Namwino wa pakiliniki, kuwonjezera pa mapiritsi, anawapatsa kampira kofewa. Anati azikafinya mosapanikiza kwambiri, agwire choncho kwa kanthawi uku akupuma bwinobwino, kenaka asinthe dzanja, pakuti manja onse awiri ayenera kulandira gawo lofanana.

Kampirako sikanakhalitse. Tsiku lina ali pakhonde akukafinya, panadutsa a Hamilton, mnzawo wa kutchalitchi.

"Achimwene, ndi imvi zonsezo mwalowa timu iti? Tidzakuonereni liti pa kanema?"

A Zakeyu anakaponya kuseri kwa kabati.

Lamulungu lotsatira, potuluka m'tchalitchi, anazindikira chinthu. Moni wa kwathu ndi wautali ndithu monga momwe namwino anafunira: umagwira dzanja, nufunsa za m'thupi, za ana, za mvula ya kumudzi, ndipo dzanjalo silitayidwa mafunso asanathe. Kuyambira pamenepo a Zakeyu anasanduka munthu wa moni. Aliyense wochokera ku Malawi amene anakumana naye pamsewu kapena pokwerera matakisi ankafinyidwa mwaulemu, nafunsidwa ngakhale za mbuzi za agogo ake.

"Ndanena kale kachitatu kuti ndili bwino," anadandaula a Hamilton. "Ndibwezereni zala zanga, achimwene, ndimadyera zomwezi."

Posakhalitsa anthu anayamba kunyamulira majumbo kudzanja lamanja akawaona patali.

Mavis atamva, anaseka mpaka kupukuta misozi, kenaka anafunsa, "Nanga lamanzere?"

A Zakeyu anapukusa mutu. Ku Phalombe kupereka moni ndi dzanja lamanzere n'chipongwe, ndipo zaka zonse za ku Joni sizinawaiwalitse zimenezo.

"Ine, mkulu wa mpingo, ndipatse munthu lamanzere?"

"Ndiye katoleni kampira kaja."

"Kampira ayi."

"Ndiye Phalombe ayi."

Mayi Gertrude anaika pansi diresi imene ankasokerera, nakoka mpando kudzakhala kumanzere kwa amuna awo.

"Bweretsani kuno dzanja lanulo, bambo a Mavis. Ine sindikakusumirani kulikonse."

M'zaka zonse za ukwati wawo, awiriwa anali asanagwiranepo manja poonekera, pakuti ankati zimenezo n'za achinyamata a m'tauni. Tsopano masana aliwonse ankakhala pakhonde, dzanja m'dzanja.

"Finyani pang'ono, si khasu limeneli," ankatero mayi Gertrude. "Mwamva? Ndipo pumani, mwafufuma ngati chule."

Popeza mkazi wako sungamufunse za mvula ya kwawo tsiku ndi tsiku, anayamba kukumbutsana zakale: msika wa ku Migowi kumene anaonanirana, ndi njinga yobwereka imene inawagwetsera m'munda wa nandolo. Nthawi zina ankaiwala kutayana.

A Hamilton podutsa anaima pachipata. "Kodi ukwati uja akumanga ndani kwenikweni?"

"Awa ndi mankhwala, achimwene."

"Mundilozere namwinoyo, nanenso ndadwala."

Patapita masabata angapo namwino anawayeza, nabwereza kuyeza, nagwedeza mutu. Anati magazi adekha mokwanira ulendo, koma mapiritsi asawasiye. Anafunsanso ngati kampira kaja kakadali bwino.

"Kalipo," anayankha a Zakeyu, akuyang'ana akazi awo. "Kungoti kamalongolola."

Mavis anawaperekeza yekha ku basi. Atalowa, a Zakeyu anaima pakati pa mipando akulingalira, kenaka anapempha mayi Gertrude kuti akhale chakuwindo, kumanzere kwawo.

"Njira ndi yaitali, mayi a Mavis," anatero potambasula dzanja. "Tisadumphitse mankhwala."