Tsiku Limene Isaki Anayang'ana Apongozi

Isaki anali munthu woti ukamufunsa dzina pagulu, ankayamba wacheuka kaye ngati kumbuyo kuli Isaki wina amene angamuyankhire. Mukakhala awiri ankacheza bwinobwino, ankaseketsanso. Koma anthu akangokwana odzaza mphasa, mawu onse ankamuthawa. Kutchalitchi anamusankhapo kuti atseke ndi pemphero, iye anangotseka maso okha, mpaka mkulu wina anachita kumulanditsa ndi ameni.

Mlongo wake wamkulu, Ireen, zimenezi zinkamuchititsa manyazi, ndipo sankabisa. Awiriwa anakulira m'maesiteti a fodya, kumene bambo awo anabwera kuchokera ku Phalombe kudzakhala tenanti. Ireen sukulu inamukonda, anakhala mlangizi wa zaumoyo pachipatala china chaching'ono chakufupi ndi Nambuma. Isaki anakwatira Ezeliya, mwana wa m'mudzi wa komweko, n'kukhala pachikamwini, kulima munda wa eni ake ndi kukonza zigafa za eni ake.

Chaka china mwayi unamugwera Isaki. Anapeza ntchito pafamu ina cha ku Chitedze, yokhala ndi nyumba yake yamalata. Koma mkazi ndi ana awiri sungangowanyamula ngati matumba a chimanga. Pankafunika kupempha chitengwa kwa mwini mbumba, a Henderson, amalume ake a Ezeliya. Akalola, banja lonse lisamuka. Akakana, Isaki apita yekha, ana atsala kwa eni ake.

Tinene zoona, makolo anawaganizira kale anthu ngati Isaki. Pankhani zotere mkamwini salankhula. Amakhala pansi chapambali, chipewa m'manja, maso pa zala zakuphazi, nkhoswe yake n'kumulankhulira. Nkhoswe ya Isaki inali a Jonas, mkulu wa kwawo ku Phalombe amene anakalambira paesiteti, munthu wolankhula mozungulira ngati njira ya ngolo. Ireen akawamva akuyamba nkhani ankaona ngati dzuwa lilowa asanafike pa mutu wake.

M'miyezi yomweyo bungwe lina la mumzinda linabweretsa kuchipatala kuja makina ovala kumaso, pofuna kuyesa ngati angathandize anthu oopa kulankhula pagulu. Anthu ankangowatchula kuti magalasi. Ukawavala, chipinda cha sikelo ya ana chinkazimiririka, n'kupezeka waima kutsogolo kwa holo, anthu ovala masuti atakhala pamipando, onse maso pa iwe. Poyamba ankakhala ochepa. Ukazolowera ankawonjezeka, wina n'kumatsokomola, wina kuyasamula, wina kuyang'ana wotchi. Makinawo ankatsatira kumene maso ako akuloza. Ukayang'ana pansi, pakompyuta pankatuluka kamzere kofiira, ukayang'ana anthuwo kankasanduka kobiriwira.

Ireen ndi amene anaphunzitsidwa kuyendetsa makinawo. Vuto linali lakuti ambiri obwera ankangofuna kuonera kanema waulere, ena ankakana kuti magalasiwo angawatengere nkhope. A bungwe aja ankafuna munthu mmodzi yekha wosinthadi, woti azikamutchula kumisonkhano. Ireen sanafune kutali. Anadziuza kuti akuthandiza mlongo wake, ndipo zinali zoona, koma sizinali zoona zonse.

Tsiku loyamba Isaki atavala magalasi anakhala chiimire, kenaka ananjuta pansi n'kuyamba kuwomba m'manja kupereka ulemu kwa anthu a masuti aja. Ireen anaseka mpaka misozi. Anamudzutsa, n'kumuuza kuti aime mowongoka, atalikitse miyendo pang'ono, ayendetse maso kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo akapeza munthu wooneka woopsa kwambiri, ameneyo ndiye amuyang'anitsitse.

Zinkagwira ntchito, palibe angatsutse. Isaki ankabwera Lachitatu lililonse masana akaweruka kusankha fodya, ankatuluka m'magalasimo malaya atanyowa ndi thukuta, koma mawu anayamba kutuluka. Anayamba ndi kutchula dzina lake, kenaka kufotokoza kafesedwe ka nazale, mpaka anafika ponena pempho lake lonse la chitengwa pamaso pa holo yodzaza. Ireen ankanyadira kamzere kobiriwira kaja ngati mwana wake.

Pamenepo ndi pamene anaganiza zoti Isaki akadzilankhulire yekha. Anapita kwa a Jonas kukawauza kuti asavutike kuyenda ulendo wonsewo ndi mwendo wawo wotupa uja. Mkuluyo anathokoza kuti ana a masiku ano amaganizira okalamba.

Lachitatu lomaliza, Isaki akuvula magalasi, anafunsa chinthu chimene chinkamuvuta.

“Achemwali, nanga apongozi? Ndikawayang'anenso m'maso?”

Ireen yankho ankalidziwa. Anali ataona kambirimbiri Isaki akupatukira kutchire akaona mayi ake a Ezeliya, a Lucia, akubwera m'njira, iwonso n'kupatukira mbali ina. Iye mwini, ndi yunifolomu yake yomweyo, akafika pakhomo pa akuluakulu ankagwada. Koma kompyuta inali yotsegula patebulo, mzere uli biriwiri kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo a bungwe anali atamuuza kuti akakhala ndi chithunzi cha tsikulo asalephere kutumiza.

“Mantha ndi amodzi, Isaki,” anatero. “Ukayamba kusankha woti umuyang'ane, wabwerera pomwe unayambira.”

Isaki anavomera. Kuyambira ali mwana, zimene achemwali ake anena zinkakhala zomwezo.

Nkhaniyo inakambidwa Loweruka masana, pamthunzi wa chigafa cha a Henderson. Amuna anakhala patimipando ndi panjerwa, amayi pamphasa chapatali akuthothola mtedza, poti manja a mayi sakhala chabe ngakhale pamlandu. Ireen anakhala ndi amayiwo, foni ili pamiyendo, kamera italoza kwa mlongo wake. A Henderson sanali munthu wovuta. Anali mkulu wansangala, wokonda kunyogodola akamwini ake, ndipo anayamba ndi kufunsa moseka ngati a Jonas atsekerezedwa ndi mowa panjira.

Isaki anaimirira.

Anatalikitsa miyendo pang'ono, anawongola msana, n'kuyendetsa maso kuchokera kumanzere kupita kumanja. Analankhula bwino, ndipo chopweteka n'chimenecho. Anafotokoza za ntchito, za nyumba yamalata, za sukulu imene ili pafupi, mawu ake osanjenjemera ngakhale pang'ono. Amuna aja anasiya kusuntha. Manja a amayi anaima pamtedza. Munthu wa pachikamwini anali ataimirira pamwamba pa mitu ya eni mudzi atakhala pansi, wopanda nkhoswe, osawomba n'komwe m'manja.

Kenaka anafunafuna munthu amene ankamuopa kwambiri, monga anamuphunzitsira, n'kumupeza pamphasa. A Lucia anakokera chitenje kumaso, anatembenukira kumbali, ndipo ataona kuti maso a mkamwini sakuchoka, anadzuka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Ireen anaona zonse. Pamene Isaki ankangoimirira kumene, anadziwa nthawi yomweyo kuti zalakwika. Akanatha kutsokomola, akanatha kukwawa n'kukagwada pamaso pa a Henderson kupepesa kuti mwanayu wasokonezedwa ndi ine. Mpata unalipo, wautali ndithu. Koma foni inali ikujambula, mlongo wake akulankhula ngati mmene iye ankalakalakira zaka zonsezi, ndipo anamusiya kuti amalize.

A Henderson nawonso anamusiya kuti amalize. Nsangala zija zinali zitawachoka pankhope.

“Mwalankhula bwino, akamwini, ngati a pawailesi,” anatero. “Koma ngati mukutiimirira chonchi pakhomo pathu, mlongo wanga mpaka kuthawa pamphasa, nanga mwana wathu mukamutani kumene kulibe ife?”

Anagamula kuti Isaki apite kaye yekha akagwire ntchitoyo, za chitengwa adzazionanso mitima ikadzatsika, mwina akadzakolola kawiri. Mkulu wina anang'ung'udza kuti mkamwini asamakule mwendo, enawo n'kuvomereza ndi mitu. Isaki anakhala pansi, mochedwa.

Anthu akubalalika, Ezeliya anamupeza Ireen kuseri kwa nkhokwe. Sanakalipe, sanalire. Ananena ngati akufotokoza za nyengo.

“Alamu, amalume anali atavomera kale. Ankangodikira kuti a Jonas abwere adzawombe m'manja. Mayi anayamba n'kundipatulira mbewu ya mtedza yoti ndikadzale kumeneko.”

Ireen anasowa poponda. Kulakwa kunamukhala pachifuwa ngati mwala wa mphero, ndipo kunalibe wina woti agawane naye, ngakhale makina aja, poti makina sanafunsidwe za apongozi, wofunsidwa anali iyeyo. Lamulungu anapita kwa a Henderson kukagwada kuti mlandu ndi wake. Anamulandira bwino, anamupatsa mpando, anamumvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati zimenezo ndiye zikuwonjezera nkhawa, chifukwa mwamuna amene amataya ulemu wake pongouzidwa ndi mlongo wake, angadzatayenso mkazi atauzidwa. Kwa a Jonas sanapite, analibe nkhope yopita nayo. Chithunzi chija anachifufuta pafoni osachioneranso, ndipo a bungwe ataimba kufunsa mmene zayendera, anangoti zayenda.

Lolemba m'mawa Isaki anadutsira kuchipatala panjinga, atamangirira mphasa, ndowa ndi kachikwama ka zovala kumbuyo. Linali tsiku la sikelo, amayi ali pamzere ndi ana kumsana. Ireen anatuluka atakonzeka kunena zonse, koma Isaki anamutsogolera. Anati anaona apongozi akutembenuka, ndipo anadziwa, koma pakamwa panali patatseguka kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anaopa kuti akasiya sadzayambanso. Anati achemwali asadzivute, amene anaimirira anali iye mwini.

Kukanakhala bwino akanamutukwana. Ireen anayesa kupepesa, koma anangogwira chiwongolero cha njingayo ngati akufuna kuiletsa. Anafunsa ngati ali ndi chakudya cha panjira, ngati matayala ali ndi mpweya wokwanira, mafunso opanda pake a munthu amene akuthawa funso lenileni. Isaki anayankha onse moleza mtima, anakonza chingwe chomangira ndowa, n'kuika phazi pa pedulo.

“Chinthu chimodzi chokha, achemwali. Mwana wamkulu uja wamvetsa. Koma wamng'ono uja, Talandira, ndamuuza kuti ndikupita ku Nambuma kukagula shuga. Mukapita kukawaona, musakandiulule.”

Anapalasa kulowera kumsewu, ndowa ikulira kumbuyo. Ireen anaima pamenepo mpaka mayi wina pamzere anafunsa mwaulemu ngati sikelo iyamba lero.