Khadi la Mwera

Tamara anabwerera kwawo ku Likoma mu 2008, atagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre zaka zingapo. Gulu la asodzi a ku Mbungo linamulemba ntchito yopanga pulogalamu yotumiza mauthenga m'mafoni mwawo. Ankagwira ndi mnzake, Wisdom, m'kachipinda ka lendi ku Chipyela. Mwamuna wake, Basil, anali mmodzi mwa asodziwo.

Ntchitoyo sankaipanga yonse pakamodzi. Chilichonse chimene asodzi ankafuna, ankachilemba pa khadi n'kumata pakhoma. Pakatha milungu iwiri asodziwo ankabwera kudzaona zimene zatheka, kenako n'kusankha okha choti chipangidwe.

Pamsonkhano wina panavuta makhadi awiri. Lina linali la mitengo ya usipa ku Nkhata Bay, linalo la uthenga wochenjeza kukamabwera mphepo ya mwera.

"La mwerali n'lalikulu, litidyera mwezi wathunthu," anatero Wisdom. "La mitengo tithana nalo msanga."

Tamara anati kuli bwino ayambe ndi lalikululo nyengo yozizira isanafike. Basil anaseka.

"Mayi, mwera timauona ndi maso kuyambira tili ana. Chomwe sitiona ndi mtengo wa kumtunda. Mavenda akutidyera masuku pamutu."

Anzake anaomba m'manja. Tamara sanalimbane nawo, pakuti anagwirizana kale kuti eni ntchito ndiwo azisankha. Anamatula khadi la mwera n'kulitsitsa pansi pa enawo.

Mitengo ija inayamba kufika m'mafoni m'mawa uliwonse. Basil ankaonetsa foni yake kwa aliyense, ngakhale kwa Armando, mnzake wa ku Cobue, tsidya lina la nyanja, amene sankadziwa kuwerenga. "Akazi angatu apanga izi," ankatero. Pamsonkhano wotsatira asodzi anapempha mitengo ya utaka, kenako ya petulo, ndipo mwera unadikirabe.

Mu June boti la Basil linapita kukaponya ukonde wa chilimira chakumbali ya Chizumulu. Mphepo inawapeza pobwerera, boti n'kugubuduzika. Anzake anakangamira zigubu mpaka anthu anawavuula, koma Basil anamupeza patapita masiku, m'miyala ya kumwera kwa chilumba.

Tamara anakhala kwa apongozi ake ku Mbungo mpaka kumeta kutadutsa. Anthu ankati mphepo yotero sichenjezeka. Iye ankangogwedeza mutu. Sankadziwa ngati akukwiyira Basil, Wisdom, kapena dzanja lake lomwe limene linatsitsa khadi lija.

Tsiku lomwe anabwerera ku ntchito anapeza khadi lija lili pamwamba pa onse.

"Asodzi anabwera okha kudzalikweza," anatero Wisdom.

Tamara anakhala pansi n'kuyatsa kompyuta. Posakhalitsa china chake chinalira m'dirowa. Atatsegula anapeza foni ya Basil. Basil anali ataisiya kuti amutchajire, poti ku Mbungo kunalibe magetsi, ndipo Wisdom ankaitchajabe osadziwa chochita nayo. Uthenga unali wa pulogalamu yawo: mtengo wa usipa wa tsikulo, ndi moni wotchula dzina la mwini foni.

"Achemwali, ndichotse nambala yawo?" anafunsa Wisdom motsitsa mawu.

"Ayi. Ndichotsa ndekha."

Anaipeza nambalayo pakompyuta n'kuiyang'ana nthawi yaitali, manja ali pamwendo. Magetsi anazima masana ngati mwa masiku onse, iye asanakhudze chilichonse. Anaika foniyo m'chikwama n'kuuyamba wapansi wa ku Mbungo, ndipo atadutsa msika anayamba kulira mokweza.