Beseni la Kuseri kwa Chitseko

"Chimodzi basi, amayi. Chimodzi!" Mzime anabwerezanso, makiyi a nyumba ali m'manja.

Panja woyendetsa lole anali atatopa nako kuliza hutala. Mwini nyumba ankafuna makiyi ake tsiku lomwelo, ndipo amayi, pokhala bambo anali atatsikira kulichete, ankasamukira kwa Mzime, mwana wawo womaliza. Kachipinda ka kumeneko kanali ndi malo a chithunzi chimodzi chokha. Zithunzi zojambula pamanja zimene malemuwo anasonkhanitsa moyo wawo wonse zinali zitatsamira khoma la pabalaza ngati odwala pamzere, kudikira kugawidwa kwa abale. Anthu anagwirizana kuti amayi ayambe ndiwo kusankha. Koma abale inu, pakamwa pa amayi panali patalowa anthu ena!

"Atenge cha mahatchichi," anatero achimwene ake a Mzime, manja m'thumba. "Taonani mmene utoto wakhalira. Katswiri ameneyu."

Mzime anawatembenukira. "Inu utoto mwayamba kuudziwa liti? Bambo ali moyo munkati angodzaza nyumba ndi fumbi."

"Iwe, ndine mkulu wako."

"Cha maluwachi ndiye chaulemu," analowererapo azakhali, mlongo wa malemu. "Osati cha mkazi wa msana pamtundayo. Mlamu wanga ali pamasiye, agona nacho bwanji chipinda chimodzi?"

Mzime mtima unamuwawa. Aliyense ankangobwereza mawu a bambo, ena mpaka kupendeketsa mutu ngati iwo. Bambowo akagula chithunzi ankakhazika mwana patsogolo pake mpaka tiyi kuzizira, n'kumati, "Usandiuze kuti n'chokongola, undiuze chakugwira n'chiyani." Ana onse anavutika nawo mafunso amenewo. Amayi okha ndi amene sankafunsidwa, iwo ankangodutsa ndi thireyi.

"Ine izi sindizidziwa," anatero amayi motsitsa mawu. "Ankazidziwa ndi bambo anu."

"Amayi, si mayeso awa! Lozani chilichonse tizipita, chonde."

Amayi anadzuka, osaloza kanthu, n'kulowa kukhitchini. Mzime anawatsatira atakwiya zenizeni, mawu ali kale pamlomo. Anawapeza atakankha chitseko, akuyang'ana kuseri kwake. Pamenepo panali kachithunzi kothimbirira ndi nthunzi, kamene onse anakaiwala potsitsa zinazo: beseni la buluu lili patebulo, basi. Ngakhale kuzungulira kwa besenilo kunali kokhota.

"Kameneka? Amayi, zoona? Si kamene bambo ankati wojambula wake anali ndi dzanja la khasu?"

"Ankatero kumene." Amayi anapukuta galasi ndi nsonga ya mpango wawo wakuda. "Titangokwatirana tinapita kumene ojambula amayala zinthu zawo. Bambo anu ankakangana ndi anzawo za zithunzi zikuluzikulu, ine ndinangoima patsogolo pa kameneka. Buluu ameneyu anandikhazika mtima pansi, sindikudziwa chifukwa chake. Sindinanene kanthu. Iwo anabwera, anayang'ana, anaseka mpaka kutsokomola, tinabwerera kunyumba. Mawa lake ndinakapeza kali pakhoma."

"Ndiye bwanji ankakanyoza?"

"Kanali konyansa kwa iwo, akananama? Bambo anu pa zithunzi sankanama. Koma nyumba iliyonse imene tinasamukira, bedi lisanalowe, msomali woyamba kukhomedwa unali wa kameneka."

Pabalaza achimwene ndi azakhali anali akadakanganabe za mahatchi. Mzime anati akolowole kachithunziko, koma anapeza kuti ayenera kuwerama. Bambo anali chimunthu chachitali, zithunzi zawo ankazipachika m'mwamba moti alendo ankachoka makosi akuwawa. Msomali uwu wokha unali m'munsi, molunjika ndendende ndi maso a amayi.

Anawapatsa amayi kachithunzi kawo. Kenako anaima chilili pafupi ndi khoma, nayika chala pamene msomaliwo unalekeza pachifuwa pake, kuti akakafika kunyumba asakalakwitse pokhoma wina.