Khomo Liyang'ane Kumsewu

Zaka zonse zimene Amake Mapasa akhala akusoka, makina awo sanakhalepo ndi pogona pawopawo. M'mawa ankawasenza kupita nawo pakhonde la golosale ya eni, madzulo n'kuwasenzanso kubwerera. Tsono mwini golosaleyo anawauza mosapsatira kuti mvula ikangoyamba pakhondepo aikapo matumba a feteleza, iwo aone kolowera. Makinawo ndiye anali khasu lawo. Mapasa awo ankadya ndi kuvala kuchokera pa singano imeneyo, ndipo makina akanyowa n'kuchita dzimbiri palibe amene akanawagulira ena.

Ndiye anaitana mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, yemwe anthu ankangomutchula kuti Mmisiri. Anagwirizana zomanga kachipinda kosokeramo kogundizana ndi khoma la nyumba yawo, khomo ndi zenera zikuyang'ana kumene kumadutsa malole ndi anthu a kumsika. Njerwa zitafika pamwamba pa zenera, panaima njinga yamoto. Anatsika bambo wina wa ku khonsolo amene sankavula chisoti ngakhale polankhula, n'chifukwa chake m'mudzimo ankamuti Achisoti.

"Mayi, mwamanga ndi chilolezo cha ndani?"

"Malowa ndi anga, bambo."

"Sitikukana. Koma mudzi uno tsopano unalowa m'mapulani a khonsolo. Khomo la malonda liyenera kuyang'ana kumsewu."

Amake Mapasa anayang'ana khomo, n'kuyang'ana msewu. Lole inadutsa n'kuwathira fumbi onse atatu.

"Si uwu msewu?"

"Uwu si msewu, ndi podutsa chabe. Msewu uli uko."

Achisoti analoza kuseri kwa kachipindako. Kunali tchire la minga, chulu, ndi chimbudzi cha aneba chotchingidwa ndi chiguduli. Mmisiri anayamba kutsokomola, koma aliyense anaona kuti ndi chiseko chimene chikumutsamwa.

Mawa lake Amake Mapasa anakwera basi kupita ku khonsolo, poganiza kuti mwina dzuwa linawazunguza bambo aja. Anakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi, pansi pa fani yosazungulira. Ataitanidwa, anapeza kuti ndi Achisoti omwewo, chisoti chili patebulo, ndipo apa m'pamene anadziwa kuti munthuyo ali ndi dazi. Pakhoma panali mapu aakulu. Achisoti anawaonetsa poloti yawo, kenako mzere wakuda wonenepa wodutsa kuseri kwake, wowongoka ngati wojambula ndi rula. Kumene kumadutsa malole kunali kopakidwa utoto wobiriwira.

"Apa ndi pabwalo la masewera a ana," anatero Achisoti.

"Ndiye malolewa amadutsa pabwalo?"

"Amadutsa molakwika."

"Nanga msewu wanuwo ubwera liti?"

"Ulipo kale, mayi. Kungoti sunalambulidwe."

Anatuluka mutu utaima. Komabe boma silikanidwa, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana. Mmisiri anatseka khomo lakumaso ndi njerwa, n'kuboola lina kuseri, akung'ung'udza kuti makasitomala ake adzakhala agologolo.

Matope asanaume panabwera mayi wa zaumoyo, wa ku khonsolo komweko, ofesi yachitatu kuchokera pa ya Achisoti. Anaima pakhomo latsopanolo atagwira mphuno.

"Amene anakuuzani kuti khomo la malonda liyang'anizane ndi chimbudzi ndani?"

"Layang'ana kumsewu, mayi."

"Msewu uti?"

Amake Mapasa analoza tchire la minga lija, ndipo dzanja lili m'malere anadzimva okha kuti akuoneka ngati mutu sukuyenda bwino. Mayi wa zaumoyo anawayang'ana mwachisoni, n'kulamula kuti khomo lipite m'mbali. Mbali inali imodzi yokha yotheka, poti inayo ndi khoma la nyumba. Mmisiri anatseka kuseri, n'kuboola m'mbalimo. Ndiye Achisoti podutsa anaimitsa njinga, n'kunena kuti khomo silingatsegukire m'malire a poloti ya munthu wina, limenelo ndi lamulo lakalekale.

"Alamu," anatero Mmisiri atachoka Achisoti, "khoma ili n'lazigamba kuposa mathalauza amene mumasoka. Ndikangoligumulanso kwina, ligwa lonse. Ndiuzeni kamodzi."

Pajatu mapanga awiri avumbwitsa, ndipo Amake Mapasa anali pakati pa mapanga awiri a nyumba imodzi. Mantha anawagwira enieni, poti mwini golosale anali atayamba kale kutsitsa matumba ake pafupi ndi mpando wawo.

Anapita ku khonsolo kukachonderera kuti akuluakulu awiriwo abwere tsiku limodzi, aone limodzi, alankhule chimodzi. Anabweradi. Anapatsana moni mwaulemu, anafunsana za ana, n'kuzungulira kachipindako.

"Chimbudzichi chili mumsewu," anatero Achisoti, "choncho kwa ife kulibe."

"Chimene ndikumva m'mphunomu n'chiyani?" anafunsa mayi wa zaumoyo. "Kwa ine msewu wanuwo ndiye kulibe."

"Chidzachoka msewu ukalambulidwa."

"Chikadzachoka ndidzavomera khomo."

Onse anagwedeza mitu mokhutira, ngati nkhani yatha bwino. Anagwirizana kuti aliyense akunena zoona, ndipo palibe amene angasaine mnzake asanasaine.

"Tsono ine ndilowere kuti?" anafunsa Amake Mapasa.

"Imeneyo tikaikambirana kukomiti."

"Nanga zenerali? Lilinso ndi mlandu?"

Awiriwo anayang'ana zenera lija loyang'ana kwa malole, n'kuyang'anana. Achisoti anati zenera si khomo. Mayi wa zaumoyo anati zenera ndi labwino, limalowetsa mpweya. Anakwerana panjinga imodzi n'kumapita.

Mmisiri sanadikire komiti. Anatseka khomo lam'mbali, anakhoma malata, n'kusiya njerwa zingapo pansi pa zenera kuti pakhale popondera. Tsiku limene kunja kunada ndi mitambo, anamasula makina aja, analowetsa mutu wa makinawo pazenera, kenako miyendo yake, kenako mpando. Amake Mapasa anayang'ana uku ndi uku, anakwinya siketi, n'kukwera. Mzimayi wamkulu, wa ana awiri, kulowa pazenera m'nyumba yomanga yekha dzuwa likuswa mtengo kuseri kwa mitambo. Manyazi anawawotcha nkhope, poti anthu a kumsika anaima n'kumaonerera.

Mvula inagwa yamkokomo. Pamalata panali phokoso, koma pamakina sipanadonthe ngakhale dontho. Anawasisita, anaika ulusi, n'kuyamba kupalasa, osadziwa ngati apambana kapena aluza.

Itayamba kukata, anaona ambulera ikudutsa pazenera. Anali aphunzitsi ena achikulire, kasitomala wawo wakale, atapanira nsalu m'khwapa. Anamva mapazi akuzungulira m'mbali, kenako kuseri, kenako mawu a munthu amene walasidwa ndi minga. Patapita nthawi ambulera ija inatulukiranso, ndipo aphunzitsiwo anasuzumira mkati, magalasi atanyowa.

"Amake Mapasa, ndazungulira konse. Mwalowa bwanji umo?"

"Pomwe mwaimapo."

Aphunzitsiwo anayang'ana njerwa zopondera zija, n'kuyang'ana mawondo awo. Anaikanso nsalu ija m'khwapa pang'onopang'ono.

"Ndimafuna mundiyeze diresi," anatero. "Ndidzabwera mukadzaika khomo."

Amake Mapasa anatulutsa tepi pazenera, dzanja lonse mpaka paphewa, koma ambulera inali itafika kale kutsidya kwa bwalo la masewera la pamapu lija.